Inki ikadutsa kuseri kwa tsamba, mlandu si wa peni

M'chaka cha 2021, anthu okonda kulemba ndi peni yothira inki, ija ya mtundu wa fountain pen, anachita zinthu zimene anzawo anaziona ngati misala. Ku America, ku Ulaya ndi ku Asia komwe, anayamba kugula mapepala osalembapo kanthu n'kumawaunjika m'nyumba poopa kuti asowa. Kunali kutamveka kuti kampani ya ku Japan ya Tomoegawa ikusiya kupanga pepala lotchedwa Tomoe River. Pambuyo pake dzinalo ndi ntchitoyo zinapita m'manja mwa kampani ina, Sanzen, ya mumzinda wa Kanazawa, koma mpaka pano okonda pepalali sanagwirizanebe ngati latsopanoli likufika pa lakale lija.

Pepala limene ankalimbiranalo silioneka ngati la mtengo wapatali. Ndi lopyapyala moti ukaliika pamwamba pa tsamba losindikizidwa, mawu apansiwo umawawerenga. Poyamba analipangira osindikiza mabuku a malonda, kuti mabukuwo asalemere powatumiza papositi. Kenaka opanga dayale ya Hobonichi Techo analisankha pofuna kuti buku lokhala ndi tsamba la tsiku lililonse pachaka lisakhale chimtolo m'chikwama. Apa ndi pamene olemba anatulukira chodabwitsa chake: inki yamadzi, imene imadutsa masamba okhuthala a makope ambiri, pa pepala lopyapyalali imangokhala pamwamba, osamwazika, osadutsa.

Ambirife tikafuna kugula kope timapsinya tsamba ndi zala kuti timve kukhuthala kwake, timayang'ana ngati layera mokwanira, kenaka timasirira chikuto. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chimachititsa kuti pepala ligwirizane ndi inki yamadzi sichioneka ndi maso, sichimveka m'zala, ndipo kawirikawiri sichilembedwa pachikuto.

Peni imene sikankha inki

Bolopeni ili ndi kampira kachitsulo kunsonga kwake. Kampirako kamagudubuzika n'kumapaka papepala inki yokhuthala, yamafutamafuta, imene siyenda yokha. Pamene kampira kaisiya ndi pomwepo imakhala. Peni yothira inki ilibe kampira. Inki yake mbali yaikulu ndi madzi, osakaniza ndi utoto komanso timankhwala pang'ono tothandiza kuti iziyenderera. Imatsika kuchokera m'kathanki kake kudzera m'timingalande topyapyala, n'kulowa mumng'alu umene umagawa nsonga yachitsulo pakati, n'kukaima kumapeto kwenikweni kwa nsongayo. Nthawi yomweyo mpweya umakwera kukatenga malo a inki yotulukayo. Kulinganiza inki yotsika ndi mpweya wokwera ndi kumene kunatchukitsa Lewis Waterman wa ku New York, amene analembetsa luso lake mu 1884.

Nsonga ikangokhudza tsamba, pepala ndi limene limakoka inki. Wolemba safunika kudinikiza, n'chifukwa chake amene amalemba masamba ambiri patsiku amaikonda peni imeneyi, poti dzanja silitopa msanga. Koma zimenezi zikutanthauzanso kuti peni silamulira yokha kuchuluka kwa inki yotuluka. Pepala laludzu limakoka yambiri, pepala lokhwima limakoka pang'ono. Peni yomweyo, inki yomweyo, dzanja lomwelo, zimatulutsa mzere woonda ndi waukhondo m'kope lina, koma wonenepa ndi wanyankhalala m'kope linzake. Munthu amene wangogula peni yoyamba amathamangira kunena kuti amugulitsa yotayikira. Akanayesa pa pepala lina akanaona kuti peniyo ilibe vuto.

Ludzu la pepala

Pepala ndi tiulusi ta zomera, ta cellulose, timene amatiphwanya m'madzi, n'kutiyala, n'kutiumitsa titalukanalukana. Tiulusi timeneti timakonda madzi, ndipo pakati pake pamatsala timipata tosawerengeka. Pepala losathiridwa kanthu limamwa madzi pomwepo. Ndi mmene tishu alili, ndi mmenenso linalili pepala lija loyamwitsira inki limene ana asukulu akale sankalisiya kunyumba. Kuti pepala lilembeke ndi inki yamadzi, wolipanga ayenera kulichepetsa ludzu. Amayi odziwa za miphika mfundo imeneyi si yachilendo kwa iwo: mphika watsopano umachucha, ndiye amayamba aphikiramo phala la madeya kuti timabowo ta dongo titsekeke.

Mbiri ya pepala, kuyambira pamene Cai Lun anapereka luso lake kwa mfumu ya ku China m'chaka cha 105, yadzaza ndi kufunafuna njira yotsekera timabowo timeneti. Aluya, amene anafalitsa pepala kudzera ku Samarkand ndi ku Baghdad mpaka ku Spain, ankalipaka sitachi ya tirigu kapena ya mpunga n'kulikwecha kuti lisalale. Ku Ulaya, komwe kuli chinyezi, sitachi inkaitana nkhungu ndi tizilombo, moti m'zaka za m'ma 1200 mfumu Frederick II inaletsa kulemba zikalata zaboma papepala, n'kulamula kuti zizilembedwa pachikopa. Amisiri a m'tauni ya Fabriano ku Italy ndi amene anasintha zinthu m'zaka zomwezo. Iwo ankawiritsa zidutswa za zikopa mpaka kutuluka msuzi womata, n'kumaviikamo mapepala awo. Pepala lotere linkalimba, inki sinkalowerera, ndipo ambiri mwa mapepalawo alipobe mpaka lero.

Kuviika pepala ndi manja kunali kochedwa, ndipo kunachedweratu pamene makina opanga pepala losaduka anabwera: Louis-Nicolas Robert analembetsa makina ake ku France mu 1799, ndipo anawakonzanso bwino ku England ndi ndalama za abale awiri a banja la Fourdrinier. Mu 1807 Moritz Friedrich Illig wa ku Germany anafalitsa njira yothira utomoni wa paini ndi mchere wa alamu m'phala la pepala lisanayalidwe n'komwe. Masiku ano mafakitale ambiri amathira m'phalamo mankhwala otchedwa AKD kapena ASA, amene amakuta kaulusi kalikonse kuti kazikana madzi, kenaka pepala likamatuluka amalidutsitsa pakati pa zitsulo zogudubuzika zimene zimalipaka sitachi pamwamba. Pomaliza limadutsa m'zitsulo zina zolipsinya kuti lisalale.

Opanga mapepala amayesa ntchito imeneyi ndi njira ya Cobb: amaika madzi pamwamba pa pepala kwa mphindi imodzi, n'kuyesa pasikelo kuti lamwa ochuluka bwanji. Nambala imeneyi ndi imene ikanamuthandiza kwambiri wogula kope, koma simudzaipeza pachikuto. Ndipo poti mankhwalawa amadya ndalama pamene wogula sawaona, wofuna kutsitsa mtengo amayambira pomwepo kudula.

Mavuto atatu osiyana

Olemba ndi inki yamadzi amadandaula za zinthu zitatu, ndipo ambiri amaziphatikiza ngati kuti ndi vuto limodzi.

Loyamba ndi kumwazika. Inki imathamangira cham'mbali motsata tiulusi, m'mphepete mwa chilembo chilichonse n'kutuluka timinga. Timabowo ta e ndi a timatsekeka, 3 n'kumaoneka ngati 8, zomwe m'buku la ndalama zikhoza kuyambitsa mkangano. Izi zimachitika pamene pamwamba pa pepala sanapakepo mokwanira kapena anapaka mosiyanitsa. Mapepala opangidwa kuchokera ku mapepala akale nthawi zambiri amavuta chonchi, chifukwa tiulusi take n'tosakanikirana ndipo mumatsalira mankhwala otsukira inki yakale.

Lachiwiri ndi kudutsa. Apa inki imalowa pansi mpaka kukatulukira kuseri, makamaka pamene peni yaima pang'ono: pa mpumiro, pa kadontho ka i, pamene mizere iwiri yapingasana. Zikafika poipa imadetsa ndi tsamba lotsatira lomwe. Kope lotere limalembeka mbali imodzi yokha, ndiye la masamba 96 limasanduka la masamba 48. Amene anakondwa kuti wagula lotchipa walipira kawiri osadziwa.

Lachitatu ndi kuonekera. Inki sinadutse ayi, kungoti pepala n'lopyapyala kapena mulibe zokwanira zotchinga kuwala, monga choko ndi dongo loyera zimene amathira m'phala. Ukatembenuza tsamba umaona chithunzithunzi cha zimene walemba kuseri. Tomoe River ali nalo vuto limeneli kwambiri, ndipo omukonda amangolizolowera. Mwa mavuto atatuwa, ili lokha ndi limene kukhuthala kwa pepala kumathetsadi.

Kukhuthalako amakuyesa ndi nambala ya gsm, kutanthauza kulemera kwa pepala lotalika mita imodzi mbali zonse. Mapepala 16 a A4 ndiwo amakwana mita imeneyo, choncho pepala limodzi la 80 gsm, lomwe timaliona m'maofesi ndi m'malo ochitira fotokope, limalemera magalamu 5, ndipo rimu ya mapepala 500 imalemera makilogalamu awiri ndi theka. Tomoe River wotchuka uja ndi wa 52 gsm, ndipo pali wina wa 68. Makope a Moleskine, amene anayamba kugulitsidwa ku Milan mu 1997 ndipo ndi okwera mtengo, masamba ake ndi a 70 gsm, koma olemba ndi inki yamadzi amadandaula kawirikawiri kuti inki imadutsa. Pepala lojambulapo zithunzi ndi pensulo likhoza kulemera 150 gsm n'kumamwazabe inki. Nambala ya gsm imangokuuzani kuti mwagula tiulusi tochuluka bwanji, osati kuti tiulusito tili ndi ludzu lotani.

Kuyera nako kumanyenga. Mapepala ambiri oyera kuti mbee amawathira mankhwala amene amabweza kuwala kwabuluu pang'ono kuti diso liziona ngati ayera kwambiri. Mankhwala amenewa sakhudzana ndi kukana madzi, ndipo ena amati amatopetsa maso, n'chifukwa chake makope ambiri abwino amakhala otuwira ngati mkaka.

Palinso mtengo umene wolemba amalipira pa pepala lokhwima: kudikira. Inki ikakhala pamwamba imauma pouluka ndi mpweya, osati polowa pansi, ndiye pena pamatenga masekondi 20, 30 kapena kupitirira. Wotembenuza tsamba mwachangu amadinda zolemba zake patsamba linalo. Amanzere, amene dzanja lawo limatsatira pambuyo pa mzere, amapaka inki ndi chikhatho. Pa pepala lonyezimira la makalendala ndi mamagazini inki siuma n'komwe. Choncho palibe pepala limodzi lokomera onse. Mlembi wa msonkhano amafuna louma msanga, wolemba kalata modekha amafuna lochedwa, poti pa lochedwalo ndi pomwe inki imaonetsa kukongola kwake: kuderako kumene peni inamalizira mzere, kupepukako kumene inayambira, ndipo inki zina zabuluu zimawala mofiirira m'mphepete zikauma.

Chimene bolopeni inabisa

Kwa zaka mazana ambiri, pepala lililonse lolembapo linkayenera kupirira inki yamadzi, chifukwa kunalibe inki ina. Nthenga, peni yoviika m'botolo, peni yothira inki, zonsezi zinkafuna pepala lokhwima. Achikulire amene anaphunzira nthawi imene madesiki ena anali ndi kabowo koikamo kabotolo ka inki amakumbukira kuti makope awo sanali apamwamba, komabe inki sinkadutsa. Makalata akale opezeka m'masutukesi a agogo amaonetsa zomwezo: mizere yoonda, yaukhondo, mbali zonse ziwiri za tsamba.

László Bíró, mtolankhani wa ku Hungary, anaona kuti inki yosindikizira nyuzipepala imauma msanga osamwazika. Mothandizana ndi mbale wake György, katswiri wa mankhwala, anapanga peni ya kampira n'kuilembetsa mu 1938, ndipo anakapitiriza ntchitoyo ku Argentina. Marcel Bich wa ku France anaitsitsa mtengo ndi Bic Cristal yake ya mu 1950, ndipo pofika 1965 boma la France linaloleza ana kulemba ndi bolopeni m'sukulu. Dziko lonse linatsatira njira yomweyo, ndipo linali ndi zifukwa zabwino. Bolopeni siitayikira m'thumba la malaya, silira botolo, imalemba pakatoni, pa lisiti, pa pepala la kaboni.

Koma cholembera cholemba paliponse chinamasula opanga makope. Inki yamafuta siisamala kuti pepala n'laludzu kapena ayi, ndiye panalibenso wodandaula pamene mankhwala otchinga madzi anayamba kuchepa. Mibadwo iwiri yakula osadziwa kuti tsamba la kope likhoza kukhala lina. Nkhaniyi yayamba kuonekeranso tsopano, ngakhale kwa anthu amene sanagwirepo peni yothira inki, chifukwa mapeni a gel, mapeni a rollerball ndi zolembera zowalitsira mawu zija ophunzira amazikonda, zonsezi inki yake ndi yamadzi. Wophunzira amene wawalitsa mzere umodzi n'kupeza kuti mtundu wachikasu wafika masamba awiri kutsogolo wakumana ndi vuto lomweli.

Kumene ana sanasiye inki

Makope abwino kwambiri amachokera kumaiko amene sukulu zawo sizinataye inki yamadzi, ndipo izi sizinangochitika mwangozi. Ku France ana ambiri amaphunzirabe kulemba ndi peni yothira inki, m'makope a mizere ya Séyès, imene Jean-Alexandre Séyès, wogulitsa mabuku ku Pontoise, analembetsa mu 1892: mizere yakuda yotalikirana mamilimita 8, pakati pake mizere itatu yopepuka yotalikirana mamilimita awiri, yosonyeza mwana pofikira mutu ndi mchira wa chilembo chilichonse. Kampani ya Clairefontaine, imene inayamba mu 1858 m'mphepete mwa mtsinje wa Meurthe m'mapiri a Vosges, imapanga yokha pepala la makope ake, la 90 gsm, losalala kwambiri. Rhodia, ya chikuto chaolenji, inayamba ku Lyon mu 1934 ndipo inalowa m'banja la Clairefontaine mu 1997. Kunja kwa France anthu amawagula makope amenewa ngati zinthu zapamwamba, koma kwawoko ndi makope a ana asukulu, ogulidwa m'sitolo wamba poyamba teremu.

Ku Germany, m'sukulu zambiri za pulaimale mwana amayamba ndi pensulo, ndipo akasonyeza kuti dzanja lakhazikika aphunzitsi amamupatsa kachikalata komulola kulemba ndi peni ya inki. Kampani ya Pelikan inatulutsa Pelikano, peni ya ana asukulu, mu 1960, ndipo Lamy Safari ya mu 1980, imene lero akuluakulu amanyadira nayo m'maofesi, anaipangira achinyamata a kusukulu. Wogulitsa makope kumeneko sangabweretse pepala lomwaza inki, makolo angalibweze.

Ku Japan chifukwa chake n'china. Chilembo chimodzi cha kanji chikhoza kukhala ndi timizere 15 kapena 20 topanikizana m'kabokosi kakang'ono, ndiye inki ikangomwazika pang'ono chilembocho sichiwerengeka. Makope a Campus a kampani ya Kokuyo, amene anayamba mu 1975, ndi a ophunzira wamba, otsika mtengo, a masamba osakhuthala, koma amagwira inki bwino. Kampani ya Tsubame yakhala ikupanga makope ake a chikuto chotuwa kuyambira 1947. Kampani ya Midori inayamba mu 1960 kukonza pepala la madayale ake, lotchedwa MD, limene analisiya dala lokhakhala pang'ono kuti nsonga izimveka ikamayenda, poti ena sakonda pepala loterera kwambiri.

Phunziro la maiko atatuwa n'lakuti pepala labwino silidalira kulemera kwa wogula. Limapezeka kumene ogula ambiri, ngakhale ana a zaka zisanu ndi ziwiri, ali ndi cholembera chimene chimaulula pepala loipa tsiku loyamba lomwelo.

Pepala lobwera, nyengo yathu

Kuno ku Malawi pepala lolembapo limachokera kunja. Makope ena amadulidwa ndi kusokedwa konkuno, koma mipukutu yake ndi yobwera. Sizinayenere kukhala choncho. Nkhalango ya paini ya Viphya ku Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inakulitsidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ndi cholinga choti idzadyetse fakitale ya phala la mapepala imene inkayembekezeka kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe, ndipo yambiri mwa mitengo ija inathera ku matabwa ndi moto. Mapepala amene tinazolowera m'maofesi, monga Typek wa Sappi ndi Rotatrim wa Mondi, amachokera ku South Africa. Mu Typek, amene amapangidwa ku Stanger m'chigawo cha KwaZulu-Natal, mumakhala tiulusi ta zotsalira za nzimbe akafinya shuga.

Poti woitanitsa katundu amagula kumene kwatchipa mwezi umenewo, makope awiri a chikuto chofanana akhoza kukhala ndi pepala losiyana. Hadikava imene inakusangalatsani chaka chatha ikhoza kukukhumudwitsani chaka chino. Dzina la pachikuto si lonjezo.

Nyengo nayo imalowererapo. Pepala limamwa chinyezi cha mumpweya, n'chifukwa chake chikutiro cha rimu chimakhala ndi kapulasitiki m'kati. M'dzinja, kapena masiku a chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje, masamba amafewa ndi kupindika, inki imachedwa kuuma ndipo imamwazika mosavuta, mawaya omangira kope pakati amachita dzimbiri n'kudetsa masamba. Mu Okutobala zimatembenuka: inki imauma msanga, nthawi zina pansonga pomwe, munthu akangosiya peni yosavindikira kwa kanthawi. Thukuta ndi mafuta a m'manja zimavutitsanso. Pamene chikhatho chinatsamira, makamaka chakumunsi kwa tsamba, peni imadumphadumpha kapena inki imafalikira. Mankhwala ake ndi apafupi: kuika kapepala kena pansi pa dzanja polemba, ndi kusunga makope osalembamo m'pulasitiki yotseka.

Kuyesa musanagule ambiri

Gulani kope limodzi kaye, mutsegule tsamba lomaliza. Lembani mizere iwiri itatu mmene mumalembera masiku onse, kenaka jambulani timizere topingasana, ndipo pamalo amodzi muimike nsonga kwa kamphindi. Yang'anitsitsani m'mphepete mwa zilembo ngati mwatuluka timinga. Tembenuzani tsamba: ngati pali madontho a inki, yadutsa, ngati pali chithunzithunzi chabe, ndi kuonekera, kumene mungathe kupirira. Lembaninso timizere tingapo n'kumapititsapo chala, kena patatha masekondi 5, kena 10, kena 20, kuti mudziwe nthawi imene inki imauma. Yesani mbali zonse ziwiri, chifukwa mbali imene inagona pasefa ya makina nthawi zina imasiyana ndi inzake.

Ngakhale mulibe peni, dontho la madzi limanena zoona. Likakhala lozungulira pamwamba kwa kanthawi, pepalalo n'lokhwima. Likangophwa pomwepo n'kusiya banga lalikulu, n'laludzu. Kwezaninso tsamba kumene kukuchokera kuwala: likaoneka lofanana paliponse, tiulusi tinayalidwa bwino, likaoneka la mawangamawanga, inki idzadutsa m'malo opyapyalawo. Onaninso kasokedwe. Kope losokedwa ndi ulusi limatseguka n'kugona pansi, pamene lomata ndi guluu limakonda kutsekeka lokha, tsamba losauma n'kukhudza linzake.

Ngati pepala limene mulili nalo n'lovuta ndipo simungasinthe, monga mafomu a kuntchito, sinthani peni kapena inki. Nsonga yoonda, yolembedwa F kapena EF, imatulutsa inki yochepa, ndipo nsonga za ku Japan, za Pilot, Platinum ndi Sailor, zimakhala zoonda kuposa za ku Ulaya za chilembo chomwecho. Inki zina zimayenda mosamala kuposa zinzake. Pelikan 4001 ndi imodzi yodziwika ndi khalidwe limeneli. Njira ina yotchipa ndi kugula mapepala a 90 kapena 100 gsm osindikizira zithunzi zamitundu, kuwayesa, n'kupita nawo kwa omanga mabuku m'tauni kuti akumangireni kope. Chimodzi chokha musachiyese: kuthira m'peni inki ya chidindo, ya printa kapena ya ojambula zithunzi. Inki zimenezi zimauma m'timingalande tija n'kutseka peniyo, nthawi zina osatsegukanso.

Zolemba zoti adzukulu adzawerenge

Mankhwala omwewo amene amaweruza mmene inki ikhalire lero amaweruzanso kuti pepala lidzakhala zaka zingati. Njira ya Illig ija inali ndi poipira pake: alamu amasiya asidi m'pepala, ndipo asidiyo amadula tiulusi pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1840 Friedrich Gottlob Keller anayambitsa kupera mitengo kukhala phala, pepala n'kutchipa kwambiri, koma phala lotere limasunga lignin, chinthu chimene chimalimbitsa mtengo ndipo chimasanduka chachikasu chikaona kuwala. N'chifukwa chake nyuzipepala yosiyidwa pawindo imasintha mtundu m'masiku ochepa. Mu 1959 William Barrow wa ku Virginia anaonetsa kuti mabuku ambiri osindikizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anali kufumbutuka kale, pamene mapepala opangidwa ndi nsanza a zaka mazana angapo m'mbuyomo anali olimba.

Kubwera kwa AKD ndi anzake kunalola mafakitale kupanga pepala lopanda asidi, lokhala ndi choko m'kati chothetsa asidi wochokera mumpweya. Muyeso wa ISO 9706, wa mu 1994, umafuna kuti pepala lokhalitsa likhale ndi pH (muyeso wa asidi) ya pakati pa 7.5 ndi 10, choko chosachepera magawo awiri pa 100 alionse, ndi lignin wochepa kwambiri. Pepala lokwanitsa izi limaloledwa kudindidwa chizindikiro chooneka ngati 8 wogona, m'kati mwa kabwalo.

Inki nayo iyenera kusankhidwa. Inki zambiri zamitundu yokongola ndi utoto wosungunuka m'madzi, ndiye denga likadontha usiku umodzi tsamba lonse limafufutika. Inki yachitsulo, yabuluu woderako, imalowerera m'tiulusi n'kumada ikakumana ndi mpweya, ndipo madzi saichotsa. Ku Britain ndi imene ankalembera kaundula wa maukwati, obadwa ndi omwalira kwa zaka zambiri. Ubwino wake wina n'ngwakuti siimwazika kwambiri ngakhale pa pepala lotsika. Yakale inali yaukali, moti inadya masamba ena a nyimbo zimene Johann Sebastian Bach analemba pamanja, zosungidwa ku Berlin, koma ya masiku ano, monga Salix ya Rohrer & Klingner, ndi yofatsa. Palinso inki za timibulu ta kaboni, monga Platinum Carbon Black, zimene madzi sazisuntha, kungoti zimafuna kutsuka peni pafupipafupi.

Nkhani imeneyi si ya okonda mapeni okha. Ku National Archives ku Zomba kuli makalata ndi mabuku olembedwa pamanja amene ofufuza akuwerengabe patapita zaka zoposa 100. Lero lino zambiri zimene mudzi udzafune mawa zikulembedwa pamanja: buku la ubatizo ndi maukwati kutchalitchi, buku la amfumu la malire a minda ndi milandu yogamulidwa, buku la banki mkhonde, kaundula wa sukulu. Mabuku amenewa nthawi zambiri amagulidwa mothamanga, potengera lomwe latchipa tsiku limenelo, n'kukasungidwa m'chipinda cha chinyezi kumene kuli njenjete ndi chiswe. Mkangano wa malire ukadzabuka patapita zaka 30, tsamba lofumbutuka kapena lofufutika silidzaikira kumbuyo aliyense.

Mlembi amene watumidwa kukagula buku lotere ali ndi chifukwa chomveka chofunsira ngati pepala lake lilibe asidi, chowerengera gsm pachikuto, ndi choyesera tsamba lomaliza ndi dontho la madzi asanapereke ndalama za gulu. Wogulitsa angadabwe ulendo woyamba. Koma eni masitolo amaitanitsa zimene ogula amafunsa, ndipo ngati alembi a mipingo, a mafumu ndi a sukulu atayamba kubweza makope odutsa inki, oitanitsa katundu adzaphunzira msanga kufunsa mafakitale mafunso omwewo.